Geji Yowala ndi Mtedza wa Apongozi

Njanji ya kwathu kuno inkathera pa Mchinji. Zitsulo zinafika pasitesheni, n'kupitirira pang'ono kuloza kumalire, kenako n'kungoima m'tchire ngati munthu amene waiwala chimene wadzera. Aliyense wofuna mavoti ankalonjeza kuti chaka chamawa tilumikizana ndi Chipata. Ine ndinakhala pasitesheni imeneyo zaka zoposa khumi ndikudikira chaka chamawacho, ndipo ntchito yanga inali yoyeza zolumikizira mabogi a katundu.

Cholumikizira, chimene ife apantchito tinkachitcha kapulingi, ndi chitsulo chonga dzanja lopinda zala. Bogi lililonse lili nacho kutsogolo ndi kumbuyo. Mabogi awiri akagundana, manja awiriwo amakolana, ndipo sitima yonse imayenda chifukwa cha kukolana kumeneko basi. Gawo limene limatseguka ndi kutsekeka tinkati chibwano. Chibwano chimadyeka. Chikadyeka kwambiri chimataya chinzake, makamaka pokwera mtunda, ndipo bogi limayamba ulendo wakewake chobwerera m'mbuyo. Amati mabuleki amagwira okha zikatero. Amene ankanena zimenezo sanawaonepo mabuleki a masiku amenewo.

Choyezera chake ndi geji, kachitsulo kophwatalala kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Umaiika pakamwa pa kapulingi wotseka. Ikakana kulowa, chibwano chili bwino. Ikalowa, chatha. Palibe zokambirana. Umatenga choko chofiira n'kulemba mtanda pabogipo. Likakhala lopanda kanthu, amalikoka kumapeto kwa sitima mpaka ku shedi ya ku Limbe kukalikonza. Koma likakhala ndi katundu silisuntha kufikira atabwera makaniko ndi chibwano chatsopano. Lamulo linali lomwelo, ndipo ine ndinkalikonda kuposa malamulo ena a m'tchalitchi.

Geji yangayo anandipatsa ndi mkulu wina amene anandiphunzitsa ntchito ku Limbe, nditangomaliza folomu folo. Pondipatsa anati, "Mnyamata, dzimbiri pa geji ndi manyazi a mwini wake." Mawu amenewo ndinawatenga ngati a m'Baibulo. Loweruka lililonse masana ndinkakhala pakhonde la nyumba yathu ya pasitesheni, ndi mchenga wa kudambo, phulusa ndi kansanza, n'kumaikwecha. Kenako ndinazindikira kuti sandipepala amagwira ntchito msanga, ndiye ndinayamba kumugula. Geji yanga inkawala mwakuti ukanatha kumetera ndevu. Ndikatha ndinkaipachika pa msomali wakewake pabalaza, pansi pa chithunzi chathu cha ukwati.

Tsiku lina mkazi wanga akutsuka mapoto pafupi, anandiyang'ana nati, "Bambo a ana, kachitsulo kanuko mukatha nako kukwechaku. Taonani poto uyu, ndi mchenga womwewu wamubowola."

Ndinamuyankha moti anthu a nyumba yachitatu anamva. Ndinamuuza kuti chitsulo cha geji si cha mapoto a pamsika, kuti chinapangidwa kunja ndi anthu ophunzira, ndiponso kuti iye ayang'ane za mapoto, za njanji asiyire eni ake. Iye anangoti, "Chabwino, eni ake," n'kupitiriza kutsuka. Sanabwerezenso.

Mbiri yanga inamveka njanji yonse. Ku Limbe ankati bogi likapita ku Mchinji lizitsanzikiratu, chifukwa likabwerako ndi mtanda wofiira. Chaka ndi chaka mitanda yanga inkachuluka, ndipo ine ndinkati n'chifukwa chakuti zinthu zikuwola m'dziko muno. Zinalidi zikuwola, ndiye panalibe wonditsutsa. Ena ankandinong'oneza kuti kumeneko amangofufuta chokocho n'kulibweza bogi pamzere osalikhudza. Ndikamva zimenezo ndinkalemba makalata aukali a masamba atatu, otchula anthu kuti alesi ndi ofuna kupha anzawo. Sanandiyankhepo. Ndinkati ndi manyazi.

Ndiye kunabwera matipate, ulamuliro wa zipani zambiri. Alimi anauzidwa kuti tsopano akhoza kugulitsa mbewu zawo kwa aliyense amene afuna. Kwawo kwa mkazi wanga, kwa Mavwere, anthu anapanga kalabu ya mtedza, ndipo tcheyamani wake anali apongozi anga, bambo ake omubala. Anali munthu wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono, woti chiyambire ukwati wanga tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kuno, wina uko, n'kumalonjerana chapatali monga mwa mwambo. Kalabu yawo inapeza wogula ku Limbe, nagwirizana kuti mtedzawo upite pa sitima. Zamalole sakanazikwanitsa.

Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha koti njanji inkachita kuvina m'maso. Masiku atatu athunthu ngolo za ng'ombe zinkatuluka m'midzi, zodzaza matumba a mtedza wa chalimbana wosenda, n'kumakhuthula pasitesheni. Bogi la denga linalipo limodzi lokha, ena onse anali apululu, onyamulira miyala. Anapakira m'limodzilo mpaka kudenga. Apongozi, poti anali tcheyamani ndipo sankafuna kuti wina adzanene kuti anadzikondera, anati matumba awo alowe pomalizira. Choncho awo ndi amene anali pamwamba penipeni.

Sitima inkabwera kamodzi pa masabata awiri, Lachinayi. Lachinayi limenelo m'mawa ndinatenga geji yanga, ndikuimba kamluzu, n'kuyamba kuyendera mabogi ofunika kunyamuka. Nditafika pa bogi la mtedza ndinaika geji kutsogolo. Inakana. Ndinazungulira kumbuyo, n'kuikanso. Inagwira pang'ono, ndiye nditangoikankha ndi chala chachikulu, pwetekete, yalowa.

Ndinaitulutsa, n'kuipukuta pa ovolosi, n'kuyesanso. Inalowanso. Ndinadziwa bwino lomwe kuti mtedzawo ndi wa yani. Koma ndinatulutsa choko, ndipo kuti wina asadzanene kuti ndinachita mantha, mtandawo ndinaulemba waukulu kuposa masiku onse.

Woyamba kuuona anali masitala wa sitesheni, munthu wofatsa amene ankaweta nkhuku m'shedi ya katundu chifukwa katunduyo ndi amene kunalibe. Anabwera akuthamanga, chipewa m'manja.

"Akulu, mwatani apa?"

"Ndalemba. Simukuona?"

"Ndikuona. Koma mukudziwa eni ake a katunduyu?"

"Geji sikuwadziwa."

"Yalowa kwambiri kapena pang'ono?"

"Amasitala, mayi akakhala ndi pakati mumafunsa ngati ali napo kwambiri kapena pang'ono? Yalowa!"

"Taonani, ulendo umodzi wokha. Tiliike pafupi ndi injini, dalaivala aziyenda mwaulemu."

Ndinawauza kuti ngati akufuna afufute okha ndi dzanja lawo, asainire, ndipo bogilo likakagwera mumtsinje akalitole okha ndi nkhuku zawozo. Anavala chipewa n'kupita kukaimba foni ku Limbe. Kumeneko anayankha kuti makaniko abwera ndi sitima yotsatira.

Apa n'kuti alimi atasonkhana kale, azibambo ndi azimayi, ena atatsamira ngolo zawo. Anadzera kudzaona mtedza wawo ukunyamuka. Apongozi anaima chapatali, atatembenukira kumbali, n'kulankhula ngati akuuza mtengo wa mango unali pamenepo.

"Auzeni akamwini kuti tamva. Koma tikupempha kuti aganizeponso. Mitambo yayamba kusonkhana kuzambwe uku."

Ine ndinayankhanso mtengo womwewo. Ndinati ndilibe choganizanso, chitsulo chadyeka.

Ndiye bambo wina wa m'kalabumo, wovala malaya a chipani, anakwera pangolo nati, "Abale, nthawi yolamulidwa ndi munthu mmodzi inatha. Pano tili mu demokalase. Tivote! Ofuna kuti bogi lipite akweze manja!"

Manja onse m'mwamba, ngakhale a amayi ogulitsa zitumbuwa amene analibemo ndi thumba limodzi lomwe. Masitala anayamba kukweza lawo, atandiona anakandira nalo m'mutu. Apongozi anakweza lawo pomalizira, mosafika patali.

Pamenepo magazi anandikwera. Ndinakwera pa sitepe ya bogilo, geji m'manja ikung'anima padzuwa, n'kuwalalikira. Ndinati chitsulo sichivota. Ndinati akhoza kuvota mpaka madzulo, akaitanenso abale awo a ku Chipata adzawathandize, chibwano chidzakhalabe chodyeka. Ndinati kuwerenga mizere ya m'munda ndi kuyeza kapulingi ndi sukulu ziwiri zosiyana. Mawu omalizawa ndinawalankhula nditayang'ana apongozi m'maso, koyamba m'moyo wanga. Amene anaweramitsa mutu ndi iwo.

Sitima inanyamuka masana ndi mabogi a miyala opanda kanthu. Bogi la mtedza linatsala pa kanjanji kapambali, mtanda wanga ukuonekera kuchokera kumsewu.

Kunyumba mkazi wanga sanandikalipire. Bola akanandikalipira, chifukwa zimenezo ndimazitha. Chakudya chinkabwera pa nthawi yake, madzi osamba otentha bwino, ndipo chilichonse chimene ndinkanena ankayankha kuti, "Chabwino." Loweruka ndinakhala pakhonde ndi geji yanga monga mwa masiku onse, ndipo ndinaikwecha mwamphamvu kuti aone kuti sindikudandaula.

Chizimalupsa chinagwa Lolemba masana, chamkuntho. Ndipamene tinadziwa kuti denga la bogilo linali ngati sefa. Malata ake anali atadyeka ndi dzimbiri, koma kuyang'ana madenga siinali ntchito yanga, ndipo amene inali ntchito yake anali atapuma kalekale osalowedwa m'malo. Ndinathamanga ndi masitala kukakoka lona wakale m'shedi, nkhuku zikubalalika, n'kukwera naye pamwamba mvula ikutimenya. Pamene tinkamaliza kumangirira n'kuti madzi akudontha kale pansi pa chitseko. Mawa lake dzuwa linabwerera ndi ukali wonse, n'kuliphika bogilo lili chitsekere. Kutsegula sitikanatha, poti chitseko chinali chitamatidwa ndi chidindo cha wogula, ndipo masitala ankaopa chidindocho kuposa mmene ankandiopera ine. Aliyense amene analimapo mtedza akudziwa chimene chinyezi ndi kutentha zimabala zikakumana m'thumba. Tsiku lililonse podutsa pamenepo ndinkanunkhiza, n'kumadziuza kuti ndi fungo la nkhuku.

Lachinayi la sabata yachiwiri sitima inabwera, ndipo m'bogi la gadi munatsika makaniko, mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku Limbe, munthu wa ku Thyolo wokonda nthabwala. Anatsitsa chibwano chatsopano, hamala ndi bokosi la zipangizo. Alimi anali atabweranso onse.

"Achimwene, mukadali moyo? Kwathu amati mukatha mabogi mudzayamba kulemba mitanda pa ng'ombe."

"Gwirani ntchito, musandisokose."

"Tiyambe taona wodwalayo."

Anapisa m'bokosi n'kutulutsa geji yake. Ndinachita manyazi m'malo mwake. Inali yakuda bii, yamafuta, yokhala ndi timadontho ta dzimbiri, yomangidwa m'nsanza ya sokosi. Ndinali pafupi kumuuza mawu a mkulu uja. Iye anagwada kumbuyo kwa bogi n'kuiika pakamwa pa kapulingi. Inakana. Anaitembenuza. Inakana. Anaimenya ndi chikhatho. Inakanabe, ndipo sikuti inatsala pang'ono ayi.

"Ndi mbali ino, achimwene?"

"Yomweyo. Geji yanuyo yatupa ndi litsiro."

Anaipukuta pa buluku mpaka manambala ake anaoneka, n'kuyesanso. Inakana. Kenako anatambasula dzanja osandiyang'ana. Ndinamupatsa yanga. Anaziphatikiza ziwirizo, msana ndi msana, n'kuzikweza kudzuwa. Yanga inali yaifupi. Osati kwambiri, mwina ngati kukhuthala kwa ndalama yachitsulo, koma pa ntchito yathu pamenepo ndi pakati pa moyo ndi imfa. M'mphepete mwake munali mutadyeka bwinobwino, mosalala ngati supuni yakale.

"Mumaitani imeneyi?" anafunsa chonong'ona.

"Ndimaisamala."

"Ndi chiyani?"

"Mchenga. Ndi sandipepala."

"Kangati?"

"Loweruka lililonse."

"Chiyambire?"

Ndinavomera ndi mutu. Iye anakhala panjanji, mapewa akugwedezeka, akudziletsa kuti anthu asamve. Atapukuta misozi anati, "Ndiye makalata aja, achimwene! Ife tinkayesa mwapenga, osadziwa kuti ndi ukhondo." Kenako anayang'ana gulu la anthu lija, nasiya kuseka. "Tamverani. Chibwano ndabwera nacho kale, ndipo sindikufuna kuchisenzanso. Tichotse chabwinochi, tiikepo chatsopano, bogi lipite. Anthuwa sadziwa kanthu. Geji yanuyo mukaiponye m'chimbudzi."

Ndinavomera. Ndikulemba izi kuti zidziwike: ine amene ndinkatcha anzanga alesi ndi akuba, ndinagwedeza mutu, n'kumugwirira chitsulo chogomera pini. Anamenya hamala kamodzi, kawiri, pini n'kuyamba kutuluka.

Ndipamene apongozi anayandikira. Anaima pafupi kuposa kale lonse, chipewa chili pachifuwa, n'kulankhulanso kumbali, ulendo uno kwa makaniko.

"Bambo, muwauze akamwini kuti tinalakwa tsiku lija. Ife ndi anthu a khasu, za zitsulo sitizidziwa. Taona kuti mwachita kuchokera ku Limbe, ndiye kuti vuto linalipodi. Tikanataya zonse panjira. Atikhululukire povota paja."

Kunyozedwa ndimakupirira, ndimangobwezera. Koma kupepesedwa ndi nkhalamba imene mtedza wake ndauwoletsa, chipewa chili pachifuwa, zinandikanika. Ndipo poti ine ndili ndi liwu limodzi lokha, ndinaulula ndi liwu lomwelo.

"Siyani hamalayo!" ndinakuwa. "Bwezerani piniyo! Chibwanochi chilibe vuto! Sichinakhalepo ndi vuto! Vuto ndi ichi!" Ndinakweza geji ija. "Ndaidya ndekha ndi mchenga! Zaka khumi! Mukupepesa chiyani? Ndani wakuuzani kuti mupepese? Munavota bwino!"

Anthu sankadziwa ngati ndikuwakalipira kapena ndikudzikalipira, ndipo inenso sindinkadziwa. Bambo wa malaya a chipani uja anatsegula pakamwa, koma apongozi anamukwezera dzanja. Anapempha makaniko kuti awaonetse ma geji awiriwo. Anawaphatikiza okha, n'kuyendetsa chala chawo chokhakhala m'mphepete mwake kwa nthawi yaitali.

"Koma ikuwala," anatero pomaliza.

Masitala, mwina poona kuti tsikulo malamulo onse agwa kale, anadula chidindo chija n'kutsegula chitseko. Fungo linatuluka lokha. Matumba apansi ndi apakati anali bwino. Apamwamba, pansi pa mabowo, anali akuda ndi chuku, ena atayamba kumera. Sipanafunike kuwerenga zilembo za pamatumbapo kuti tidziwe mwini wake. Dalaivala anatipatsa nthawi mpaka dzuwa litapendeka. Tinatsitsa owonongekawo, ine ndikusenza nawo, ndipo palibe amene anandiuza kuti ndipume. Mtanda uja ndinaufufuta ndekha ndi mkono wa ovolosi. Choko chofiira sichichoka msanga. Bogi linanyamuka ndi mtedza wa anthu ena onse a m'kalabu, ndipo pafupifupi zokolola zonse za apongozi za chaka chimenecho zinatsala pansi pa mtengo wa mango.

Akupakira matumbawo pangolo kuti abwerere nawo kumudzi, apongozi analankhula kwa ng'ombe yakumanja.

"Mtedza uwu ukufunika kusankha, umodziumodzi. Mwina theka lipulumuka. Manja ndi amene akuchepa. Koma ndikumva kuti akamwini Loweruka masana sakhalanso ndi chochita."

Ndinapita. Maloweruka asanu ndinkapalasa njinga mpaka kwa Mavwere, n'kukhala pamphasa pakati pa azilamu anga ndi azakhali a mkazi wanga, lichero pamiyendo, kusankha wabwino uku, wachuku uko. Azimayi amenewo alibe chisoni. Aliyense akapeza kamtedza kokayikitsa ankandibweretsera. "Alamu, tayezani aka. Kalowa kapena kakana?" Wina anandichenjeza kuti ndisalipukute kwambiri licherolo, ndi lobwereka. Ndinapsa mtima kangapo, koma munthu sungakalipe bwinobwino utakhala pamphasa miyendo ili tambalale. Theka silinakwane. Umene unapulumuka anasunga wa mbewu, wina n'kusinja. Chaka chimenecho malata amene apongozi ankafuna kufolera nyumba yawo sanagulidwe, ndipo ndinakathandiza kumweta udzu.

Ku Limbe ndinalembako kalata yomaliza, ya mizere inayi, yopempha geji yatsopano. Imeneyo yokha ndi imene anayankha. Inabwera yakuda, yamafuta, ndipo ndinaisiya choncho m'bokosi kuntchito mpaka tsiku limene anatipumitsa, njanji italowa m'manja mwa kampani. Yakale ija apongozi anaipempha. Ankayezera mapando pobzala mtedza, ndipo ankati pa ntchito imeneyo ilibe bodza.

Mkazi wanga sananenepo kuti ndinakuuzani. Pa nkhani yonseyi sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Koma nditabwerako kosankha mtedza Loweruka loyamba, zala zikununkha chuku, ndinapeza pa msomali uja, pansi pa chithunzi cha ukwati, atapachikapo poto wobowoka uja, atamutsuka mpaka mbee. Tinasamuka m'nyumba imeneyo patapita zaka zinayi, ndipo potoyo anali akadali pomwepo.